Chinangwa cha Pakati pa Munda

Amayi, kodi kumene muliko mwadzuka bwanji?

Ine kuno sindinadzuke bwino. Ndikulemba nditakhala pakhonde la wodi ya ana kuchipatala cha pa Boma. Mapepalawa ndang'amba m'kope la Tadala, pensulonso ndi yake. Mukhululuke zilembo zokhotakhotazi, mukudziwa nokha kuti sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Nthawi ndilibe. Geti la odzaona odwala alitsegula ikakwana thwelofu, ndipo apongozi anga akubwera ndi chakudya. Ndisanakumane nawo ndikufuna ndiyambe ndauza inu, chifukwa kuno ndilibenso wina womuuza.

Musadzidzimuke kwambiri, mdzukulu wanu Tadala ali moyo. Ali pa diripi, koma m'mawa uno watsegula maso, wamwa phala masipuni anayi. Adokotala akuti choopsa chadutsa. Kungoti amene ndamugoneka pabedi limenelo ndine, amayi, ndi manja angawa. Izi akuzidziwa ndi adokotala okha ndi ine.

Dikirani ndikuuzeni kaye zimene simunazione, mwina mundimvetsa.

Mimba ija munkaisisita muli chigonere, ndinachira mu Malichi. Ndi mwana wamkazi. Amalume anamupatsa dzina lanu, Elube, moti akandiluma bere ndikafuna kumukalipira ndimalephera. Ndingakalipire bwanji amayi anga? Pano ali ndi miyezi khumi ndi umodzi, mano anayi, ndipo wayamba kuimirira atagwira khoma. Chipumi ndi chanu chenicheni. Ali kumsana kwangaku, wagona.

Mpunga wa chaka chatha sitinapate. Madzi a nyanja ya Chia anakwera mpaka m'dambo mwathu, tinangopulumutsa ndowa zitatu. Wa chaka chino ndaoka ndekha, ndi wobiriwira bwino, koma kuti uche ndi mpaka Meyi, ndipo lero tili mu Febuluwale. Nkhuku zanu zinatha ndi chitopa. Denga la khitchini likudontha pamene pali mafuwa penipeni.

Bambo a Tadala ananyamuka mu Okutobala kupita ku Joni. Anati nyanja yawakana, usipa umene ankapha sunkakwana ngakhale ndiwo za pakhomo. Pochoka anatisiyira thumba limodzi la chimanga, mapaketi awiri a shuga, botolo la mafuta ophikira, mchere, ndi sopo wamtali uja wochapira. Anati pofika Khirisimasi atumiza kenakake. Anaimba kawiri. Kuyambira pamenepo ndikaimba ine amayankha ndi mzungu wa m'foni uja. Sindikunena kuti atitaya, mwina ntchito sinapezeke, mwina foni anaberedwa. Sindikudziwa, amayi.

Ndayesetsa, ndipo mukanakhalapo penapake mukanandiyamikira. Munkati, "Iwe Esinati, uzisamala thumba likadali lodzaza, likafika pansi palibenso chosamala." Ndinayamba tsiku lomwelo anachoka. Sopo ndinamudula ndi ulusi zidutswa zisanu ndi zitatu, n'kuziyanika padenga kuti ziume gwa zisamasungunuke msanga. Chimanga sindinakonole, ndinagayitsa mgaiwa, ndipo pophika ndimatapa mbale imodzi ya mgaiwa, ziwiri za kondowole. Shuga ndimayeza ndi kachitsekerero ka botolo, kamodzi m'phala la Tadala, theka m'phala la Elube. Ine tiyi ndinasiya kalekale. Mafuta sindinkathira ayi, ndinkangoviika supuni m'botolo n'kuipukutira m'poto. Bonya ndimasinja n'kuwaza m'chigwada, kuti fungo lokha limunamize mwana kuti wadyera nsomba. Paketi ya shuga imakhala mumphika wanu wosweka pakamwa uja, pamwamba pa khoma, chifukwa Tadala ndinamupeza tsiku lina atanyowetsa chala akuviika. Ndinamumenya. Kenako ndinapita kuseri kwa bafa kukalira.

Ndi zonsezo zinthu zatha ndithu. Mafuta anatha chaka chisanathe. Shuga watsala wongokanda m'makona a paketi.

Apongozi amabwera kamodzi pamwezi kuchokera kwawo ku Mwadzama. Si munthu woipa, musawaganizire molakwika. Amabwera ndi kamtolo ka mbatata kapena nsinjiro. Koma ulendo uliwonse nkhani yawo ndi imodzi. "Amake Tadala, koma mukudya pakhomo pano? Tipatseni mwanayu tikakusungireni, kwathu chakudya chilipo, mudzamutenga zinthu zikayera." Ine ndimayankha kuti tikudya, zonse zili bwino. Amayi, ine sindingathe kumupereka Tadala. Elube sayankhula. Pakhomo ponse munthu amene amandiyankhula ndi Tadala yekha. Ndikabwera kudambo matope mpaka m'mawondo, ndi iye amene amati, "Amama mwatopa? Khalani apa ndikuchotseni minga." Akachoka ndizilankhula ndi khoma?

Ndiye ndinachita chinthu chamanyazi. Thumba litafika pakati ndinakhuthula chimanga chotsalacho, pansi ndinathira mankhusu a mpunga, chimanga n'kuchibwezera pamwamba. Apongozi akalowa m'nyumba amaligwiragwira thumbalo n'kunena kuti, "Eee, koma ndiye mumasamala." Inu munkati za m'nyumba mwako usamakazilalike pamjigo, anthu amamvera chisoni pamaso n'kukaseka kuseri. Ndinasunga mawu anuwo mpaka kupitirira muyeso.

Chimene chandivuta kwambiri si nsima, ndi kamba wa kusukulu. Tadala anayamba sitandade wanu mu Seputembala. Pa buleki anzake amathamangira pansi pa mtengo wa mango paja pamakhala mnzanu Abiti Juma ndi beseni lake la zitumbuwa. Ena amagula mandasi, ena majigisi. Poyamba ndinkamukazingira chimanga. Mango atapsa ndinapuma, ndinkangomuponyera awiri m'chikwama. Koma mango anatha mu Januwale, ndipo chimanga sichinali chokazinganso. Tsiku lina anabwera n'kuti, "Amama, anzanga akuti ine pa buleki ndimadya mphepo." Ananena akuseka, koma maso ali pansi.

Kenako ndinamva fungo la mafuta m'manja mwake. Nditamufunsa anati Abiti Juma amamuitana. Amati, "Bwera kuno iwe mdzukulu wa mnzanga, ichi chaphwanyika, palibe angagule, ndithandize." Tadala akuti, "Koma amama, amachiphwanya okha ndi chala, ndimawaona." M'malo mokathokoza ine ndinapsa mtima. Ndinaona ngati mudzi wonse wadziwa kuti kwa mwana wa Elube kulibe kanthu, ndipo mawa zifika ku Mwadzama. Ndinamugwira phewa n'kumuuza kuti, "Usadzalandirenso. Chimene ndakupatsa ine udye chonse. Usasiye, usadandaule, usagawire munthu. Kulibe china, wamva?" Anati wamva. Mwana ameneyu amamva, amayi, ndilo vuto lake.

Tsopano za munda wanu wa chinangwa.

Mukukumbukira mmene munkabzalira. Gomani, chowawa chija, m'mizere ya m'mphepete kuzungulira munda wonse, kuti akuba ndi anyani akaluma alavule n'kuthawa. Mbundumali, chosawawa chotafuna chachiwisi, pakati pobisika. Munkaseka n'kumati wakuba sakhala ndi nthawi yolowa mkati. Ine ndinakula ndikudziwa zimenezo ngati dzina langa: cha m'mphepete n'choviika, cha pakati n'chodya pompo.

Pa maliro anu kunabwera anthu ambiri, a kutchalitchi, a kumzikiti, a kutsidya kwa Chia. Azimayi anapita kumunda kukazula chinangwa chodyetsa anthu, china choviika, china chophika, ndipo mitengo yake anaiunjika mulu umodzi pamthunzi. Mvula itagwa ndinapita kukabzala ndekha ndi mimba yanga ija. Mitengo inali itayoyoka masamba, yonse yofanana. Inu munkangoyang'ana khungu la mtengo n'kudziwa. Ine sindinakufunseni ngakhale tsiku limodzi kuti mumaona chiyani, ndinkangoti mulipo. Ndinaganiza kuti ya kumanzere kwa muluwo ndiyo inachokera pakati, ndipo ndinaibzala pakati. Kenako ndinaiwala kuti ndinachita kuganizira chabe.

Miyezi yonseyi ndakhala ndikuzula cha m'mphepete chokha, n'kuchiviika masiku anayi kapena asanu mpaka chifewe, monga munkachitira. N'chifukwa chake sitinadwalepo. Cha pakati ndinkachisunga ngati ndalama ya kubanki. Ndinkati zikadzafika povuta penipeni, kamba wa Tadala ali pamenepo. Lolemba madzulo ndinalowa pakati koyamba n'kuzula phata limodzi.

Dzulo m'mawa mvula inali ikugwa tsiku lachitatu. Nkhuni zonse zonyowa. Timakala tochepa ndinali nato tinangokwana kaphala ka Elube, ndipo Tadala nthawi inali itamuthera. Ndinati palibe kanthu, mbundumali safuna moto. Ndinasenda chimodzi chachikulu, n'kutsuka, n'kudula zidutswa zinayi, n'kumanga m'kajumbo. Chinali choyera bwino, amayi, chokongola.

Ndikudziwa chimene mukufuna kundifunsa. Nthawi zonse mukasenda chinangwa chopatsa mwana munkati, "Luma kaye kumchira kwake, ulavule, ndiye umupatse." Ndinakumbukira. Sindinganame kuti ndinaiwala. Ndinachifikitsa mpaka pamlomo. Koma ndinali ndisanadye kuyambira masana a Lolemba, ndipo ndinadziwa kuti ndikangoluma sindilavula, ndimeza, ndipo ndilumanso, mwana apita ndi zidutswa ziwiri. Ndiye ndinachibwezera m'kajumbo n'kumanga mfundo ziwiri. Ndinadziona ngati mayi wabwino. Tadala ananyamuka m'mimba mulibe kanthu, atafunda thumba la feteleza kumutu, akudumpha zithaphwi.

Cha m'ma leveni ndili kudambo ndinamva munthu akufuula, "Amake Tadala! Amake Tadala!" Anali aphunzitsi ake, abwera okha panjinga, nsapato zili m'manja. Tadala ndinakamupeza atagona pasimenti m'kalasi, atasanza mpaka yunifolomu yonse, akupuma mothamanga ngati kankhuku, maso akutembenuzika. Ndinamuitana, sanayankhe. Aphunzitsi aamuna anamunyamula mpaka kumsewu wa tala n'kuimitsa minibasi. Anthu anatipatsa mpando wakutsogolo.

Tili m'njira ndinapisa dzanja m'chikwama chake kufuna kansalu komupukutira. Ndinapeza kajumbo kaja, mulibe kanthu, mwangotsala kanyenyeswa kamodzi pakona. Ndinakaika palilime. Amayi, kuwawa kwake kunafika mpaka m'makutu. Gomani weniweni.

Kuchipatala adokotala atafunsa kuti wadya chiyani, ndinawauza, koma monong'ona, titatsala awiri. Sanandikalipire. Anangoti, "Mwachita bwino kunena msanga, mayi," n'kuyamba kuthamanga ndi manesi. Bola akanandikalipira.

M'mawa uno atatsegula maso anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Amama, ndinamaliza chonse. Chimawawa koma sindinasiye." Ndiye anayamba kulira n'kuti, "Musandimenye, ndinalandira chitumbuwa kwa Abiti Juma. M'kamwa munkawawa kwambiri."

Chitumbuwa chimenecho ndicho chabweretsa mlandu wina. Ana anzake anamuona akudya, patapita kanthawi n'kugwa. Anakanena kwawo. Apongozi atamva uthenga dzulo anadzera kumudzi kwathu asanafike kuno, ndipo anafika nkhani ili kale m'kamwa. "Ndi mayi wa zitumbuwa uja. Ana onse aja, bwanji amasankha wathu yekha kumupatsa chaulere? Chaulere chimenecho chili ndi mwini wake." Akuti mawa atengana ndi achimwene awo a bambo a Tadala kupita kusukulu, akawachotse Abiti Juma pansi pa mtengo paja, ndipo nkhani ikapitirire kubwalo.

Ine za chinangwa sindinazitchule.

Dzulo lomwelo cha m'ma faifi Abiti Juma anabwera. Munthu wamkulu ngati uja, ndi mwendo wake wotupa uja, anakwera minibasi kuchokera ku Chia, atanyamula fulasiki ya tiyi ndi kambale kovundikira. Apongozi anawatsekereza pakhomo la wodi. "Tengani tiyi wanuyo mukamwe nokha. Simunakhutire?" Anthu onse a pakhonde anatembenuka. Abiti Juma sanakweze mawu. Anati, "Pepani, ndimangofuna ndimuone mwanayo. Inshallah achira." Kenako anayang'ana ine. Sanandiyang'ane mokwiya ayi, anandiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira ndili kamtsikana mukandituma kukawapatsa nthochi. Ankadikira kuti ndinene kanthu. Ine ndinawerama n'kuyamba kumanga bwino nsalu ya Elube, imene inali yomanga kale. Ndinamva patapata wawo akukhwekhwereza mpaka kugeti.

Mayi amene anakusambitsani mukudwala, pamene ine ndinkalephera kukutembenuzani ndi mimba. Mayi amene akulera adzukulu atatu amasiye ndi beseni lomwelo. Aphunzitsi andiimbira posachedwapa kufunsa za Tadala, ndipo akuti lero pa buleki palibe mwana anayandikira pamtengo paja, makolo awaletsa. Akuti Abiti Juma anakhala mpaka belu, n'kusenza beseni lili lodzaza.

Mukuona pamene ndili? Ndikakhala chete, Tadala ndi wanga. Apongozi azidzagwiragwira thumba la mankhusu n'kumandiyamikira, ndipo mnzanu azitchedwa mfiti mpaka imfa. Ndikanena, sindingathe kunena za chinangwa zokha. Adzafunsa kuti bwanji mwana anapita kusukulu osadya, bwanji chachiwisi, bwanji osalawa. Zonse zidzatuluka, mpaka mankhusu. Ndipo akadzati mwanayu tikupita naye, ndidzakana ndi pakamwa pati? Amalume ali ku Kasungu kufodya, sangandiimire. Ngakhale akanakhalapo, akanati chiyani? Mwana wagona pa diripi.

Ndinaganiza zowapempha adokotala kuti anene kuti anali malungo. Ndinaganizanso zomuuza Tadala kuti asatchule chinangwa kwa agogo ake. Akanamvera, ndikudziwa. Ndipo pamene ndinazindikira kuti akanamvera, ndi pamene ndinachita mantha kuposa dzulo. Ndamuphunzitsa kale kumeza chowawa osadandaula. Ndimuphunzitsenso kumeza bodza?

Amayi, bwanji munapita msanga? Sindikukudzudzulani. Koma ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi zokha, ndipo aliyense amandiitana amake Tadala ngati ndine munthu wamkulu wodziwa zinthu. Palibenso amene amanditchula Esinati. Pa wodi pano aliyense ali ndi womudikirira mnzake. Mayi wa bedi loyandikana nafe ali ndi amayi ake, akusinthana, wina akagona wina akhala. M'mawa ndinawamva akukangana za chitenje, mwana akuti amayi mwandivalira changa, amayi akuti unachigula ndi ndalama za ndani. Ndinatuluka panja. Ndinasirira mkangano, amayi.

Mwina ku Mwadzama akakhala bwino. Kuli mbatata, kuli mbuzi za mkaka, kuli ana a alamu anga osewera nawo. Akanenepa. Ndikudziuza zimenezi kuyambira m'mawa, koma ndikafika poganiza za madzulo, ine ndi Elube awiriwiri pakhonde, mphasa yake itapindidwa pakona, ndimalekera pomwepo.

Anthu ayamba kuunjikana kugeti. Ndikuwaona apongozi, avala duku lawo lofiira, anyamula kadengu kumutu, ndipo achimwene aja ali pambuyo pawo. Alonda akufuna makiyi.

Ndikulonjezani ichi, ndipo ndalemba kuti ndisabwerere m'mbuyo. Ndinena asanatsitse dengu. Ndinena pakhonde pomwe pano, pamaso pa anthu omwe aja anamva Abiti Juma akunyozedwa, mokweza, osati monong'ona. Tadala akatuluka ndipita kusukulu nthawi ya buleki ndikanenenso pansi pa mtengo, ana ndi aphunzitsi akumva, kenako ndikagwada pakhomo pa mnzanu. Akandithamangitsa ndi bwino, ndi zoyenera. Ndipo apongozi akati akumutenga mwana, sindilimbana nawo. Ndikamuchapira yunifolomu, ndikamuperekeza mpaka pa siteji, ndipo sindikalira iye akuona.

Chimodzi chokha ndikupempheni. Sindikudziwa ngati kumeneko amakulolani kusankha kokhala. Masiku onsewa ndakhala ndikukupemphani kuti mukhale pafupi ndi ine. Lero ndasintha. Akamutenga, mupite naye inu ku Mwadzama. Amaopa kupita kuchimbudzi yekha, ndipo akamva kuwawa sanena, muzimuyang'ana kumaso. Ine musandidere nkhawa, nditsala ndi Elube.

Atsegula geti.

Ndimakukondani, amayi, lero kuposa kale.

Ndine mwana wanu,
Esinati